Vayibureta ya pa bokosi la mchere: iti imene ingakugwirireni ntchito sinowo ikatha?

Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, sinowo imayamba cha mu Novembala n'kudzatisiya kumapeto kwa Marichi, ndipo mphepo yowoloka nyanja ya Michigan imatiunjikira yochuluka kuposa anzathu a ku Indianapolis. Ambiri mwa ife amene timadyera kukankha sinowo ndi kuwaza mchere wosungunula ayezi poimika magalimoto, Epulo akangofika timatsitsa bokosi la mchere pa pikiapu n'kukalikhazika kuseri kwa galaja. Limakhala pamenepo miyezi 7, dzimbiri likudya mabawuti. Ine ndinaleka zimenezo. Bokosi lomwelo ndimawazira laimu, feteleza, mbewu ya kapinga ndi mchenga, ndipo chimene chimandithandiza kutero ndi kachida komangidwa m'nthiti mwa bokosilo, vayibureta. Koma imene imakwana pa mchere siikwana pa katundu aliyense. Ngati mukufuna yogwira chaka chonse, musagule poganizira mchere. Ganizirani katundu wovutitsitsa amene mudzanyamule mu Meyi kapena mu Sepitembala.

Kwa inu amene mwangolowa kumene ntchitoyi: bokosi la mchere ndi lotakasuka kumwamba, lopanikizika kunsi, ngati chilembo cha V. Pansi pake pamayenda unyolo kapena chitsulo chopota ngati sikuluwu, chimene chimakokera katundu kukamwa, n'kugwera pa mbale yozungulira imene imamwaza. Katundu akachita chinyezi amagwirana. Nthawi zina amamanga kamlatho pamwamba pa unyolo, kunsi kuli mphako, mbale n'kumangozungulira yopanda kanthu. Nthawi zina amabooka una pakati ngati wa mbewa, wa m'mbali ali phee. Vayibureta ya magetsi ndi mota yokhala ndi chitsulo cholemera mbali imodzi pa shafuti yake. Ikamazungulira imanjenjemeretsa khoma la bokosi, katundu n'kulekana nalo, kamlatho kaja n'kugumuka.

Tiyambe ndi ziwiri zimene zimapikisana kwambiri pa mapikiapu, zonse za mavoti 12: ya mapaundi 80 ndi ya mapaundi 200. Manambalawa ndi mphamvu ya kagwedezedwe kake; mapaundi 80 ndi ngati makilogalamu 36, mapaundi 200 ndi ngati makilogalamu 90. Kampani ya Karrier imagulitsa Z-80 ndi Z-200, ndipo Buyers Products, eni ake a SaltDogg, nawonso ali ndi misinkhu iwiri yomweyi. Opanga mavayibureta ali ndi kawerengedwe kawo kakale: paundi imodzi ya mphamvu pa mapaundi 10 alionse a katundu amene wakhala pa mbali yotsetsereka ya bokosi. Ndiye ya 80 ija ndi ya katundu wa mapaundi ngati 800, kutanthauza tizibokosi tokolekera kumbuyo kwa pikiapu, timene timathiramo mchere wa m'matumba. Ya 200 imafika pa tani imodzi ya kuno, mapaundi 2,000.

Pa mchere wouma, ya 80 imachita bwino ndithu, ndipo pa mbewu ya kapinga ndi imene ndimaikonda. Mbewu ndi yopepuka, siifuna kumenyedwa. Ingoigwedezani pang'ono kuti yotsalira m'makona itsike. Nthawi yabwino yodzala kapinga kuno ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka Sepitembala, ndipo ntchito imeneyo imakhala yambiri m'mabwalo a masewera ndi m'mayadi aakulu. Pa feteleza wa timibulu ya 80 imakwananso, komanso ili ndi ubwino umene anthu saudziwa. Feteleza wosakaniza amakhala ndi timibulu tosiyana kukula. Mukamugwedeza mwamphamvu kwa nthawi yaitali, tating'ono timalowa pansi, tatikulu timatsala pamwamba, ndiye kumene mwayambira kuwaza kumalandira chakudya china, kumene mwamalizira kumalandira china. Pakatha masabata awiri kapinga amaoneka mawangamawanga. Ya 200 imachita msanga zimenezi chala chikakhalitsa pa switchi.

Koma bwerani ndi mchenga wonyowa muone. Yadi imodzi ya mchere wa mumsewu, kutanthauza wodzaza bokosi la mafiti atatu mbali zonse, imalemera pafupifupi tani, pamene mchenga wonyowa wodzaza malo omwewo umapitirira mapaundi 3,000. Ya 80 pamenepo imangolira, mchenga osamva kanthu. Ya 200 imayesetsa, ndipo pa bokosi la mayadi awiri ine ndinaika ziwiri, imodzi mbali iyi ina mbali inayo, osati moyang'anizana ndendende koma ina cha kutsogolo ina cha kumbuyo. Kulemera kumeneku muzikukumbukiranso chifukwa cha galimoto yeniyeniyo. Bokosi limene mumalidzaza mchere mpaka kukamwa mu Januwale, mukalidzaza mchenga chimodzimodzi mwapyola muyezo wa pikiapu yanu, masipuling'i ndi mabuleki ndi amene adzalipire.

Laimu ali pawiri. Wa timibulu amayenda yekha ngati mpunga, vayibureta iliyonse imakwana. Wa ufa, amene alimi amagula wambiri chifukwa ndi wotsika mtengo, akangonunkhiza chinyezi amamata ngati phala lozizira. Pa katundu yense amene ndawazapo, uyu ndi amene amasiyanitsa ya 80 ndi ya 200 mosabisa. Ndipo ngakhale ya 200, bokosi likakhala lopanda denga laling'ono looneka ngati V wozondoka pamwamba pa unyolo, laimu amatsendera unyolowo mpaka mota kulephera kudzuka. Palinso calcium chloride, amene ena amawaza m'misewu ya miyala nthawi yotentha kuti fumbi ligone. Amagonetsa fumbi chifukwa amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo khalidwe lomwelo amalichita ali m'bokosi mwanu. Musamugoneke m'menemo usiku. Mukatero m'mawa mupeza chibuma chimodzi, ndipo palibe vayibureta imene imaswa chibuma.

Pali lamulo limodzi limene limaposa kusankha mtundu. Kumbukirani wogula chimanga pa msika kwathu, mmene amagwedezera ndowa kuti chikhazikike alowetsemo china. Vayibureta imachita zomwezo ngati kukamwa kwa bokosi kuli kotseka kapena unyolo waima: m'malo momasula katundu, imamutsendera. Choncho yatsani unyolo kaye, vayibureta pambuyo, ndipo muziigunda pang'onopang'ono, masekondi ochepa n'kusiya. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzathu amene amalumikiza waya wake ku waya wa unyolo kuti ziziyaka limodzi nthawi zonse. Ipatseni switchi yakeyake, yamtundu uja umazima mukachotsa chala. Ndipo poyesa kuchuluka kwa feteleza amene akutuluka pa mphindi, yesani vayibureta ikugwira mmene mudzaigwiritsire m'munda, chifukwa ikamanjenjemera katundu amatuluka wambiri.

Pa makungwa ogaya aja timayala m'maluwa, sungani ndalama zanu. Ndi ulusi wolukanalukana, mukaugwedeza umalukana kwambiri. Ndinayesapo chaka china mu Meyi, ndinathera ola lathunthu ndikufukula ndi foloko. Miyala ya kwale nayo siifuna vayibureta, imatsika yokha. Kompositi youma yosefa imayenda, yonyowa imafuna unyolo wotakata osati sikuluwu.

Tsopano tikwere ku matipa, kumene mpikisano uli pakati pa magetsi, mpweya ndi hayidiroliki. Kuno vuto si kamlatho ayi, koma katundu womata kutsogolo kwa bodi pamene mwaikweza: dothi lonyowa, dongo, manyowa, phula lotsalira, mchenga wochita ayezi. Ili si vuto la kuchedwa chabe. Bodi ikakwera mpaka kumwamba, katundu atamata mbali imodzi, galimoto itaima pamalo opendekeka, tipa imagwa cham'mbali. Ndipo njira zimene madalaivala amachita pofuna kugwetsa katunduyo, kuthamangitsa galimoto bodi ili m'mwamba n'kuponda buleki mwadzidzidzi kuti chitseko chimenye, zimapha mahinji ndi silinda. Kumenya bodi ndi nyundo nako kumasiya mabampu m'chitsulo, ndipo m'mabampu momwemo ndi mmene katundu amadzamata mawa.

Ya magetsi yaikulu, monga DC-3500 ya Vibco imene amaitcha Big Bertha, kapena Cougar DC-3200, ili ndi mphamvu yopitirira mapaundi 3,000. Ubwino wake ndi wakuti tipa iliyonse ili ndi batire, ndiye simufuna china chowonjezera kupatula waya wonenepa, solenoidi (switchi yodutsitsa moto wambiri) ndi bureka (yodula moto ukachuluka). Imakoka moto wambiri, ma amp opitirira 50, ndipo inapangidwira kugwira mwa kanthawi. Masekondi angapo, dothi latsika, mwasiya. Mukaikakamiza mphindi zambirimbiri imatentha n'kupsa. Kwa munthu wa tipa imodzi amene m'chisanu amanyamula mchere, nthawi yotentha dothi ndi mchenga, ine ndimati imeneyi ndi yoyenera, ndipo sindizengereza ponena.

Ya mpweya ndi yakale ndithu. Mu 1944 Edwin Peterson anapanga yokhala ndi mpira wachitsulo umene mpweya umauthamangitsa mozungulira m'kanjira kake, ndipo ndi pamene panayambira kampani ya Martin Engineering ya ku Neponset, Illinois. Palinso ya pisitoni, imene imamenya ngati nyundo koma mofanana nthawi zonse, ndipo pa katundu womata ngati dongo kumenya kumeneko kumathandiza kuposa kunjenjemera chabe. Ya mpweya iliyonse ilibe mota yoti ipse, mungaisiye ikugwira nthawi yaitali, komanso mphamvu yake mumaisintha pongochepetsa kapena kuwonjezera mpweya. Koma imafuna galimoto ya mabuleki a mpweya, imene matanki ake amasunga mpweya wa pakati pa 100 ndi 125 psi, muyezo womwe uja wa mpweya wa m'matayala. Pikiapu ilibe zimenezo. Ndipo potenga mpweyawo, chonde achimwene, dutsitsani pa valavu yoteteza mabuleki, kuti paipi ya vayibureta ikaphulika musatsale opanda buleki. Ya pisitoni imasokosa zedi, imafuna kadontho ka oyilo, ndipo m'chisanu madzi a mumpweya amaundana m'paipi n'kuitseka. Nthawi yake yeniyeni ndi Epulo mpaka Okutobala. Amene ntchito yake yaikulu ndi dothi ndi manyowa, mchere uli wongowonjezera, aiganizire bwino.

Ya hayidiroliki sindikhalitsapo. Imatenga mphamvu ku pampu yomwe imakweza bodi, siitopa, siiopa madzi kapena mchere. Koma mtengo wake, mapaipi ndi mavalavu ake, ndi za makampani a magalimoto ambiri ndi a khonsolo. Ena m'malo mwa zonsezi amayala pulasitiki yoterera ya UHMW pansi pa bodi. Imathandiza kwambiri pa dothi ndipo ilibe waya kapena paipi, koma miyala yakuthwa imaidya, ndipo phula lotentha limafuna mtundu wake wapadera.

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, kamangidwe ndi kamene kamapha kapena kusunga bokosi. Yanga yoyamba ndinaimanga mwachindunji pa khoma lachitsulo, mabawuti anayi basi. Chisanu chisanathe, ming'alu inali itayamba kuchokera m'mabowo a mabawutiwo. Chofunika ndi chitsulo chokhuthala kapena tchanelo chotalikirapo, chowotcherera modumphadumpha, nsonga zake osaziwotcherera, kuti kunjenjemera kufalikire khoma lonse m'malo moluma malo amodzi. Pa bokosi la V muziika cha m'munsi, gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma kuchokera kukamwa. Pa tipa imakhala kunsi kwa bodi cha kutsogolo, kumene katundu amamatira. Bokosi la pulasitiki limamwa kunjenjemera kwina, choncho limafuna chitsulo kuseri kwa khoma kuti mabawuti asang'ambe. Ikagwira tsiku loyamba, bwererani ndi sipanala mukamange mabawuti onse, ndipo yaikulu ija muimangirirenso kachingwe kachitsulo kuti ikamasuka isagwere mumsewu.

Musanathire mbewu kapena feteleza, tsukani bokosi mpaka madzi otuluka asiye kuwawa mchere. Vayibureta imagwetsa ndi mchere wakale umene unabisala m'makona ndi pansi pa unyolo, ndipo umenewo ukagwera pa kapinga wongomera kumene umamuwotcha. Feteleza nayenso amadya chitsulo ngati mchere, ndiye kutsuka ndi kwa nyengo zonse. Pa malo olumikizira mawaya pakani girisi wa magetsi, chifukwa mavayibureta ambiri amene anthu amati afa, chafa ndi waya wobiriwira ndi dzimbiri.

Mlamu wanga kumudzi ali ndi tipa yonyamula mchenga wa kumtsinje ndi dothi, ndipo m'dzinja makande akamata, mnyamata amakwera m'bodi ndi fosholo, nthawi zina bodi ili yokweza. Zimenezo zimandisowetsa tulo, ndipo ndikukonza zomutumizira yaikulu ija. Inu amene mukuganiza zofananazo, yang'anitsitsani mavoti musanalipire. Mathiraki a kuno ku America ambiri ndi a mavoti 12, pamene ma Howo, ma FAW ndi ma Scania amene ali m'misewu ya kwathu ndi a mavoti 24. Mavayibureta aakuluwa amapezeka a mitundu yonse iwiri, koma wogulitsa wa kuno akupatsani ya 12 mukapanda kunena. Itanitsani ya 24, pamodzi ndi solenoidi ya 24, ndipo muikemo m'katoni chitsulo chake chomangirapo kuti wowotcherera wa kumeneko asachite kupeka.