Crossbow kapena Operation Wolf: uta wolondera anzako ndi mfuti yopulumutsa ogwidwa

Magemu awiriwa anangosiyana zaka zinayi potuluka. Crossbow inapangidwa ndi kampani ya Exidy ya ku California mu 1983, ndipo Operation Wolf inachokera ku Taito ya ku Japan mu 1987. Onse ndi a m'makina aja oimika oponyamo ndalama yachitsulo, onse chida chake n'chomangirira pa makinawo, umangochitembenuza uku ndi uku. Koma ukachigwira, thupi limachita zosiyana. Pa Operation Wolf mkono umanjenjemera, mtima uli phaphapha. Pa Crossbow umagwira mpweya, maso ali tcheru ngati mbusa amene mbuzi zake zikudya m'mphepete mwa munda wa eni.

Ndiyambe ndi Crossbow, chifukwa ambiri mwa ife sitiidziwa. Chida chake ndi uta wopingasa, waukulu ngati weniweni. Iwe suoneka pa sikirini, ndipo palibe mdani amene akulimbana nawe. Amene ali pangozi ndi anzako, kagulu ka anthu apaulendo amene amalowa kumanzere n'kumayenda pang'onopang'ono kupita kumanja, osathawa, osadziteteza. M'chipululu muimba umatsika kuchokera kumwamba pamene chinkhanira chikukwawira kumapazi a munthu wako, ndipo uyenera kusankha msangamsanga choyamba kulasa. Kuphanga mileme ikuuluka, zisonga za madzi oundana zikugwa kuchokera kudenga. Kuphiri lophulika miyala ikuvumba pamitu pawo. M'nkhalango anyani akugenda. Mivi siikuthera, ungalase mmene ungafunire, koma mnzako akafa wapita, ndipo onse akatha gemu yathera pomwepo.

Chimene chimandigwira mtima ndi kuyenda kwawo kuja. Munthu wako watsala mapazi atatu kuti atuluke kumanja, iwe wayamba kale kupumira m'mwamba, kenaka kanthu kakang'ono kamene sunakaone kamukhudza, n'kumva kukuwa. Exidy inaika mawu ojambulidwa enieni m'gemuyi, chinthu chimene chinali chachilendo mu 1983, ndipo kukuwako kumakulasa ngati walakwira munthu. Ukawolotsa gulu lako, pamabwera mapu, ndipo umalasa kabokosi kautoto kuti usankhe njira. Ukasankha molakwa umabwerera kumalo amene unadutsako kale, choncho uyenera kuloweza njira yokafika kunyumba yachifumu kumene mdani wamkulu akudikira.

Operation Wolf ndi nkhani ina. Mfuti yake anaiumba mofanana ndi Uzi, mfuti yaing'ono yachiwaya, ili ndi kamota m'kati kamene kamaigwedeza ukakhethemula, ndipo pambali pali batani loponyera bomba. Chithunzi umachiona kudzera pa kalilole, ndiye chimaoneka ngati chili patali ndithu, kuposa kukula kwa makinawo. Iwe ndiwe msilikali Roy Adams, watumidwa kukapulumutsa anthu asanu ogwidwa, ndipo udutse magawo asanu ndi limodzi: malo a mauthenga, nkhalango, mudzi, nkhokwe ya zida, msasa wa akaidi ndi bwalo la ndege. Sikirini imayenda yokha cham'mbali, asilikali akutuluka paliponse, mahelikopita pamwamba, magalimoto ankhondo pansi. Gawo limatha pokhapokha wagwetsa chiwerengero cha adani chimene chalembedwa pambali.

Anthu amaikumbukira ngati gemu yongopopera zipolopolo, koma amene anaisewera mofatsa akudziwa kuti si choncho. Zipolopolo n'zowerengeka. Ukangokanikiza chala osachotsa, posakhalitsa mfuti ili gwa, ndipo adani akukuthira moto. Umaphunzira kuwombera pang'onopang'ono, kusungira bomba helikopita, kuwombera mpeni kapena bomba limene akuponyera lisanakufike, ngakhale kuwombera nkhuku ndi nkhumba zodutsa chifukwa zimagwetsa zipolopolo. Ndiye pali anamwino awiri onyamula machira amene amadutsa pakati pa moto. Ukawawombera, mzere wa kuvulala kwako umakwera. Apa mpamene Operation Wolf imayandikira mzimu wa Crossbow, makamaka kumapeto, pamene ogwidwa aja akuthamanga ndipo iwe uyenera kuwatchinjiriza kuti akakwere ndege.

Pa kutchuka palibe mpikisano. Operation Wolf inafalikira kwambiri, inatengeredwa pa makina osewerera kunyumba monga NES, Master System, Commodore 64, ZX Spectrum ndi Amiga, ndipo mu 1988 inabala Operation Thunderbolt ya anthu awiri. Magemu ambiri a mfuti amene anabwera pambuyo pake anatsata mapazi ake. Exidy inapitiriza ndi Cheyenne mu 1984 ndi Chiller mu 1986, koma sinafike patali choncho. Chiller sindingakulimbikitseni, nkhanza zake n'zopanda chifukwa.

Komabe mukandifunsa yoti muyambe nayo lero, ine ndinena Crossbow, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene zida zimenezi zimagwirira ntchito. Mfuti ya kuwala siitulutsa kanthu, imangoona. M'kati mwake muli kadiso komva kuwala, ndipo TV zakale zachimbuyo zija zimajambula chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Kuwala kukadutsa pamene waloza, kadisoko kamauza makina, ndipo makina amawerengera nthawi n'kudziwa malo ake. Ma TV afulati a masiku ano sajambula motero, ndiye mfuti zakalezo pa iwo n'zakufa. Ambirife tidzasewera magemuwa pa kompyuta kudzera pa MAME, pulogalamu yoyendetsa magemu a makina akalewa, ndi mausi m'manja.

Pamenepo Operation Wolf imataya theka la moyo wake. Popanda kulemera kwa Uzi ija ndi kugwedeza kwake, imasanduka yongodinadina, ndipo mausi imapepukitsa zinthu mopitirira muyeso. Crossbow imataya uta wake wokongola, inde, koma nkhawa ya kulondera anzako imatsala yonse, chifukwa sinali m'manja ayi, inali m'maso ndi mumtima. Ine ndikaisewera pa laputopu ndimapezeka ndaweramira kutsogolo, ndikulankhula ndi kamunthu ka pa sikirini kuti kafulumire.

Amene muli ndi mwayi wopeza makina enieni a Operation Wolf, mfuti yake ikugwedezabe, musawadutse, ponyanimo ndalama. Ndipo amene mungakwanitse kugula mfuti zatsopano monga Sinden, zimene zimagwiritsa ntchito kamera ndi mzere woyera wozungulira sikirini kuti zigwire pa TV yafulati, yesani magemu onse awiri mutaimirira patali pang'ono, osati mutakhala pampando.