Ndikumwa lithium, koma ntchito ya gulu sindinaisiye

Abale kumudzi, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp ngati n'zoona kuti ndinagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo kuno ku Joni, kapena ndi nkhani chabe za matransipota. N'zoona. Madokotala anandipeza ndi matenda a bipolar, omwe amachititsa maganizo kukwera kwambiri nthawi zina n'kutsika kwambiri nthawi zina, ndipo ndimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Sindinasute chamba, sindinaphonye zizimba za chuma monga ena akunenera kumeneko, komanso kagulu kathu kothandiza Amalawi anzathu ndikadalimo.

Kaguluka kanayamba ngati ka maliro, kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi wina akatisiya. Posakhalitsa mavuto a amoyo anatichulukira kuposa a akufa. Uyu bwana wamumana malipiro podziwa kuti alibe mapepala. Uyu wagwidwa, ali ku Lindela, malo osungirako alendo ogwidwa ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa, abale ake osadziwa. Uyu ndi mayi woyembekezera, wakanizidwa kulowa pakiliniki chifukwa alibe chiphaso cha dziko lino. Zokaniza odwalazi zinafika poipa mu 2025, pamene a Operation Dudula, gulu lomwe linayambira ku Soweto mu 2021, ankaima pazipata za zipatala n'kumasankha olowa. Chonsecho gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo wodwala mwakayakaya sayenera kubwezedwa. Ife timaperekeza anthu, kulemba zomwe zawachitikira, n'kuwalumikiza ndi maloya a mabungwe othandiza mwaulere.

Pa ntchito yotereyi, matenda angawa akayamba amaoneka ngati khama, ndipo apa mpamene pagona vuto. Maganizo akakwera tulo timatha, koma kutopa osakumva. Masana ndimasita zovala kunyumba ya adona, foni nditaipanikiza paphewa, uku ndikukalipira bwana wa munthu wina. Usiku wonse ndikulemba makalata, ndikutumiza mauthenga a mawu pagulu atambala asanalire, uthenga uliwonse wautali ngati ulaliki. Mawu amathamanga kuposa lilime. Ndinkaona kuti nditha kutsegula nthambi za gulu ku Durban ndi ku Cape Town mwezi umodzi womwewo, ndipo ndalama ya lendi inapita ku masikipa olembedwa dzina la gulu. Anzanga ankangoti, "Amayi awa ndi chitsulo, sagona!" Ankaombera m'manja matenda, osadziwa. Sindiwaimba mlandu, chifukwa zina mwa zomwe ndinachita masiku amenewo zinathandizadi anthu. Koma pamapeto pake ndinayamba kukayikira aliyense kuti ndi kazitape, n'kutukwana mlembi wathu pamsonkhano, bambo wachikulire wa ku Nkhotakota yemwe sanandilakwirepo kanthu. Ndi iye yemweyo anandiperekeza kuchipatala.

Kutsika kwake n'komwe anthu samakumvetsa. Foni imalira, ndikuiyang'ana, dzanja losafuna kuitenga. Kusamba kumakhala ntchito yaikulu. Mauthenga a anthu omwe ndinawalonjeza thandizo amaunjikana, ndipo uliwonse umandiuza kuti ndine wabodza. Kunja anthu akuti wayamba kunyada, ena akuti wadya ndalama za gulu n'chifukwa chake akubisala. Munthu womenyera anzake saloledwa kufooka, makamaka ngati dzulo lake ankaoneka wamphamvu kuposa onse.

Mankhwala omwe andikhazika pansi ndi lithium. Ali ndi malamulo ake. Ndimapita kukatengedwa magazi kuti aone kuchuluka kwake m'thupi, chifukwa akachepa sagwira ntchito, akachuluka amasanduka poizoni. Amayezanso impso ndi chithokomiro. Tsiku la zionetsero, dzuwa likuswa mtengo, ndimayenda ndi botolo la madzi, poti thupi likauma mankhwalawa amakwera m'magazi. Mutu ukandipweteka sindimwa brufen, ndimamwa panado. Manja amanjenjemera pang'ono ndikanyamula kapu ya tiyi, moti adona anandifunsapo ngati ndayamba mowa. Ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, matenda amabwerera msanga. Ndiye mukamva kuti ndikulimbana ndi zotseka zipata za makiliniki, dziwani kuti sindikumenyera ena okha. Wa bipolar akabwezedwa pachipata chimodzimodzi ndi wa shuga kapena wa ma ARV, kungoti iyeyo akadwalika anthu amamuthawa m'malo momumvera chisoni.

Pamsonkhano wina ndinamva nkhani ya Life Esidimeni, ndipo inandisintha maganizo pa zoti ndizibisa matendawa. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng linasamutsa odwala maganizo m'zipatala za Life Esidimeni kuwapititsa kumabungwe opanda zowayenereza, ati pofuna kupulumutsa ndalama. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusowa chisamaliro. Ambiri mwa amenewa anali nzika za dziko lino. Abale awo, mothandizidwa ndi mabungwe a SADAG ndi Section27, sanagonje mpaka mu 2018 Justice Dikgang Moseneke analamula boma kulipira mabanjawo. Ngati eni dziko anatayidwa chonchi, nanga mlendo wodwala maganizo wopanda womulankhulira? Kuyambira pamenepo pagulu pathu nkhani ya matenda a maganizo timaikamba poyera, ndipo atulukira ena omwe ankavutika chamumtima, anyamata ogwira ntchito za ulonda usiku makamaka.

Tinasinthanso kayendetsedwe ka zinthu. Foni ya gulu sigona kwa ine, timasinthana. Ndalama sindisunga ndine. Nthawi yogona ikakwana ndimazimitsa foni yanga, kaya kwagwa chiyani, chifukwa kusagona ndiko kumaputa matendawa. Mlembi uja ndinamupatsa chilolezo choti akaona mauthenga anga ayamba kutalika ndiponso kubwera pakati pa usiku, andiuze mosapita m'mbali, ndipo ndikakana aimbire mchemwali wanga. Alipo omwe amadandaula kuti masiku ano ndazizira, kale ndinkayaka moto. Ine ndimati gulu lodalira munthu mmodzi wosagona silingapite patali, ndipo milandu yomwe tikuitsata pano ikumafika kumapeto, pomwe kale ndinkayamba khumi n'kutsiriza umodzi.

Amene muli ndi m'bale wa zizindikiro zonga zanga kumeneko, yambani kuchipatala cha boma cha m'boma mwanu. Akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital, komanso kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Khirisimasi ino ndikubwera, nditanyamula mankhwala okwanira ndi kalata ya dokotala yoonetsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza. A malume, ndamva kuti mwakonza kale zondipititsa kwa munthu wina kuseri kwa phiri kuti akanditemere. Pepani, kumeneko sindipita. Mapemphero ndilandira ndi manja awiri, koma wina asadzandiuze kuti nditaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro. Mundikonzere chipinda chakutali ndi zokuzira mawu za pagolosale paja, chifukwa ikamakwana 9 koloko ndizikhala nditagona.