Katundu wa ku Mzuzu: njanji ya Nacala kapena ya TAZARA?

Mzuzu ulibe njanji. Sitima iliyonse imene mungakwezepo katundu wanu idzamutula kutali, ndipo thiraki ndiyo idzamufikitse ku Luwinga kapena ku Sonda, madera a mafakitale mu Mzuzu. Choncho poyerekeza njira ziwirizi musangoyang'ana mtengo wa sitima. Werengani kangati katunduyo adzatsitsidwa ndi kukwezedwanso, komanso msewu wotsalawo ndi wotani.

Njira ya kumpoto imayambira padoko la Dar es Salaam. Njanji ya TAZARA, yomwe anamanga ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 mpaka 1975, ndi yotalika makilomita 1,860 kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, koma ife timatsikira pa Mbeya, pomwe Malawi Cargo Centres ili ndi malo osungira katundu ndi mafuta. Kuchoka pamenepo thiraki imadutsa Tukuyu, kulowa pachipata cha Songwe, kenako Karonga, Chiweta, mpaka Mzuzu. Msewu wonsewo sufika makilomita 400.

Njira ya kummwera imayambira ku Nacala ku Mozambique, kudutsa Nampula ndi Cuamba, kulowa m'Malawi pa Nayuchi, kenako Liwonde ndi Nkaya. Pa Nkaya njanji imapatukana: ina imalowera ku Blantyre, ina ku Salima ndi Kanengo, mu Lilongwe. Wa ku Mzuzu amatsitsira pa Kanengo, n'kutenga M1 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, pafupifupi makilomita 350.

Pa kulimba kwa njanji, Nacala imaposa, koma osati yonse. Chigawo cha Nayuchi mpaka Nkaya chinakonzedwa bwino chifukwa cha sitima zonyamula malasha a ku Moatize, ku Mozambique: mitanda ya konkire, miyala yokwanira pansi pake, ndi milatho yolimba yonyamula sitima za mabogi opitirira 100. Vuto n'lakuti njanjiyi ndi imodzi yokha, sitima zimapatsana mpata pamalo opatukira, ndipo malasha ndiwo amapatsidwa njira poyamba. Sitima ya feteleza imatha kuima pambali kudikira zinzake zidutse. Mukapotoloka pa Nkaya kulowera ku Salima mwalowa njanji yakale, yosanyamula zolemera ngati ya malasha ija, yodutsa m'zigwa momwe mitsinje yochokera kumapiri a Dedza ndi Ntcheu imasefukira. Madzi akakokolola miyala, mitanda imatsala lendelende, ndipo sitima siyingadutse mpaka akonze. Dzinja likafika, funsani kaye ngati chigawochi chikuyenda musanalipire.

TAZARA inamangidwa molimba, koma yakalamba. Pakati pa Mlimba ndi Makambako imakwera mapiri kudzera m'ngalande zapansi ndi milatho yambiri, ndipo nthawi ya mvula dothi limagumukira panjanji. Chovuta kwambiri ndi kuchepa kwa mitu ya sitima ndi mabogi. Kontena yanu ikhoza kutsitsidwa musitima yapamadzi msanga n'kukhala ikudikira bogi, pamene masiku aulere osungira kontenayo amene kampani ya sitima zapamadzi inakupatsani akutha. Akatha, mumalipira tsiku lililonse, m'madola, kufikira kontena yopanda kanthu itabwerera. N'chifukwa chake amalonda ambiri a kuno amaisiya sitimayi n'kukweza pathiraki ku Dar komweko.

Ena amafunsa ngati njanji ziwirizi zingalumikizane. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi wofanana, mamilimita 1,067, kotero bogi la ku Kanengo lingayende pa TAZARA popanda kusintha matayala. Chosowa ndi njanji yeniyeniyo: yathu imadutsa Mchinji n'kuthera pa Chipata ku Zambia, osafika pa TAZARA. Njanji yatsopano ya magetsi ya ku Tanzania ndi ya mamilimita 1,435 ndipo imalowera cha ku Dodoma, osati kuno.

Tsopano msewu. Chikweza cha Chiweta si masewera kwa thiraki yodzaza: makhota ake ndi opanikizika, injini imatentha pokwera, ndipo imodzi ikafera pakhota onse amaima. Woyendetsa wodziwa amakwera ndi giya yaing'ono kuyambira pansi, sadikira kusintha ali pakati pa phiri. Njira ya ku Kanengo ilibe chikweza chotere, koma ku Chikangawa nkhungu imatseka maso m'mawa ndi usiku, ndipo mathiraki a matabwa ndi ambiri. Kumbali ya mapepala, katundu wa ku Dar mumakiliya ndi bungwe lotolera misonkho la MRA pa Songwe, pafupi ndi kwanu, pomwe wa ku Nacala amafuna ejenti wodalirika ku Lilongwe kapena ku Liwonde.

Kwa ife nkhani ili pa mtundu wa katundu. Ngati ndi kontena imodzi kapena ziwiri za zovala, matailosi kapena zida za galimoto, tengani Dar, ndipo TAZARA muikwere pokhapokha atakutsimikizirani bogi ndi tsiku lonyamukira polemba. Ngati ndi katundu wambirimbiri wosathamangira, monga feteleza kapena tirigu wodzaza mabogi angapo, Nacala ndiyo yotsika mtengo pa tani, bola muitanitse chilimwe chisanathe. Matumba amang'ambika potsitsa pa Kanengo, choncho pakhale munthu wanu wowerenga, ndipo lona likhale lokwanira.

Panali njira yachitatu imene imatimvetsa chisoni tikaikumbukira. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka Nacala ndi Beira m'zaka za m'ma 1980, boma linakonza zoti katundu wa ku Mbeya azikwera sitima yapanyanja pa Chilumba kukatsikira pa Chipoka, pomwe njanji imafika mpaka padoko. Nkhata Bay ali pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera mu Mzuzu. Sitima zonyamula katundu zitamayenda mokhazikika pakati pa Chipoka ndi Nkhata Bay, feteleza wa ku Nacala sakanafunikanso kuzungulira ku Kanengo ndi Chikangawa.