Telala wa mayunifolomu pafupi ndi sukulu ya pulaimale ku Ulongwe

Makolo anzanga a kuno ku Angónia, amene mukufuna yunifolomu ya ana pitani kwa bambo aja amasoka pakhonde la golosale moyang'anana ndi geti la sukulu. Ntchito yawo ndi yabwino ndithu, makina ndi opalasa ndi phazi aja ndiye magetsi azime asazime iwo ali gugugu kusoka basi.

Chomwe chandisangalatsa ine ndi mpendero, amasiya nsalu yambiri mkati mwa buluku ndi siketi kuti mwana akatalika mungomasula, mabataninso amamanga ndi ulusi wawiriwawiri moti wanga wa 3ª classe uja ngakhale amalimbana ndi anzake pa mpira silinathothoke ndi limodzi lomwe. Ndalama amalandira pamanja kapena pa M-Pesa ndi e-Mola, ma meticais akachepa mumagwirizana kupereka theka kaye.

Vuto lawo ndi lonjezo. Januwale akafika, nthawi ya matrikula ija yolembetsa ana kusukulu, nsalu zimaunjikana mpaka pa benchi ndiye "bwerani mawa mayi" imatha sabata yonse. Pitani mu Disembala, ndipo mwanayo mupite naye akamuyeze okha, zoyeza ndi chingwe kunyumba amakana.