miniaudio patatha miyezi 14: ndingaisankhenso?

Achimwene ena a ku Nkhotakota, amene akupanga pulogalamu ya maphunziro omvera, andifunsa sabata yatha: agule laibulale (code yolembedwa kale yoika m'pulogalamu yanu) yoliza mawu imene kampani ina yakunja yawatchulira mtengo m'madola, kapena atenge miniaudio, laibulale yaulere ya ntchito yomweyo, ngati ife? Kuno ku Salima takhala nayo miyezi 14 m'pulogalamu yoliza mauthenga a ulimi ndi usodzi, pa mafoni a Android komanso malaputopu a Windows ndi Linux.

Zoyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Inalembedwa m'chilankhulo cha C, mumangoponya miniaudio.h m'pulojekiti basi. Mafayilo a mawu a mtundu wa WAV, MP3 ndi FLAC imawerenga yokha. Potumiza mawu ku sipika, pa Windows imadzera WASAPI, pa Linux PulseAudio kapena ALSA, code yanu osaikhudza. Opus, mtundu wa mawu opanikizidwa kwambiri, ilibe, ndiye ofuna mafayilo ang'onoang'ono opulumutsa bandulo alumikize libopus okha.

Msampha woyamba ndi memory. Mukatsegula fayilo ndi MA_SOUND_FLAG_DECODE, mawu onse amamasulidwa n'kukhala mu RAM. Tawerengetsani: tizidutswa ta mawu 48,000 pa sekondi, kuchulukitsa ndi njira ziwiri za stereo, kuchulukitsanso ndi mabayiti 4, ndi pafupifupi 23 MB pa mphindi. Phunziro la theka la ola likudya 690 MB! Foni ya 1 GB imangotseka pulogalamuyo osatsanzika. Chilichonse chachitali chitseguleni ndi MA_SOUND_FLAG_STREAM, imene imasunga masekondi awiri okha nthawi imodzi. DECODE isiyireni timawu tifupitifupi ta mabatani.

Koma chimene chatisowetsa tulo ndi kuthetheka kwa mawu pa mafoni otchipa. Pa laputopu zonse myaa. Pa foni ya mlimi wa mpunga ku Lifuwu, mawu amadukiza ngati wailesi yotha mabatire, makamaka akalumikiza sipika ya Bluetooth. Gwero lake nali: laibulale imaitana callback yanu (kachigawo ka code yanu kopereka mawu) pafupifupi mamilisekondi 10 aliwonse kuti idzaze buffer, kankhokwe ka mawu opita ku sipika. Purosesa yofooka ikachedwa pang'ono pokha, buffer imauma, khutu n'kumva "the!". Tinakonza motere. M'callback tinachotsamo zonse zochedwetsa: kuwerenga fayilo, malloc, kulemba log. Kenako tinakweza periodSizeInMilliseconds, nthawi ya pakati pa kuitanako, kufika pa 100. Pa gemu kuchedwa kotere n'koipa, koma womvera phunziro sangakuzindikire. Mafoni ena akale anapitirizabe, ndipo amenewo tinawauza pa ma_context_init kuti adzere njira yakale ya mawu ya OpenSL ES m'malo mwa AAudio, imene inayamba ndi Android 8.0. Chenjezo lina: musaitane ma_device_stop kapena ma_device_uninit muli m'kati mwa callback, pulogalamu imauma gwaa.

Kuthethekako kwachepa kwambiri, koma sikunathe. Pali mafoni awiri patebulo pano amene munthu akazula mahedifoni phunziro lili m'kati, mawu sabwerera mpaka device ya miniaudio (ma_device) itatsekedwa n'kutsegulidwanso. Ndimakhulupirira kuti vuto lili m'madalaiva a mafoniwo. Masiku otere mtima umanena kuti bola tikanatenga Oboe, laibulale ya mawu ya Google yopangidwira Android yokha, Windows n'kuiona padera. Koma ndikaganiza zosamala code ziwiri, mtima umabwerera m'malo.

Dziwaninso kuti foni ikaitana, miniaudio siitsitsa mawu yokha. Zimenezi, zotchedwa audio focus, muzilemba nokha ku Kotlin kapena Java. Mafayilo a m'kati mwa APK (phukusi loikira pulogalamu pa Android) nawonso satseguka ndi fopen ya C: akopereni kaye kunja, kapena lembani ma_vfs yanu, njira yanuyanu yotsegulira mafayilo.

Tsono za ndalama, achimwene. miniaudio ndi ya public domain kapena MIT No Attribution, simulipira ngakhale tambala, ndi pa malonda pomwe. Komatu palibe amene mungamugwire pakhosi: mumalemba vuto pa GitHub n'kudikira. Ife tisanasamuke tinali pa laibulale yolipira. Titawonjezera Android, ogulitsa anati imeneyo ndi layisensi ina, zimene poyamba sanazitchule, ndipo madola ake tinawadikira kubanki kwa masabata. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya m'madola ndimaiopa kuposa kuthetheka kwa mafoni awiri.

Ngati kampaniyo ikulonjeza thandizo, ilembe papepala: mapulatifomu angati, zaka zingati, ndipo mukadandaula iyankha m'masiku angati. Ikazengereza, tengani miniaudio, ndipo muiyese kaye pa foni yotchipitsitsa imene mungaipeze pamsika wa pa Boma.