WhatsApp, Google Forms kapena KoboToolbox: zomwe tinaona poyesa ufa wathu wa phala ku Angónia

Bungwe lathu la alimi, kufupi ndi Ulongwe ku Mozambique, linatopa ndi kugulitsa soya kwa mavenda pa mtengo wongotaya. Tinagwirizana zoti tizikazinga soyayo, kusakaniza ndi chimanga, n'kugaya ufa wa phala wa m'mapaketi. Tisanagule makina omatira mapaketi, tinafuna kumva kaye kwa amayi ophikira ana: soya achuluke bwanji, paketi ikule bwanji, angalipire ndalama zingati. Ntchito yotolera mayankho inagwera ine mlembi, ndipo njira zitatuzi ndinaziyesa ndekha.

Tinayamba ndi WhatsApp chifukwa achinyamata athu anali nayo kale m'mafoni. Ubwino wake ndi mauthenga a mawu. Mayi wosadziwa kulemba amangolankhula, ndipo mumamva ngakhale kukayika kwake akamati "phalali likununkha soya wosapsa". Fomu singakuuzeni zimenezo. Vuto linabwera powerengetsa. Ndinkachezera usiku ndi kope, kumvetsera uthenga umodziumodzi, kubwereza pomwe pankalira mwana kapena tambala. Pofika sabata yachiwiri sindinkadziwanso kuti mawu awa ndi a mudzi uti.

Google Forms inandikopa msanga. Mafunso mumawakonza pa mphindi zochepa, mayankho amalowa okha mu Google Sheets, pulogalamu yowerengetsera ya Google. Koma imafuna intaneti potsegula ndi potumiza pomwe. Cha ku Dómuè mnyamata wathu anakwera pachulu, foni m'mwamba, kusinthasintha netiweki ya Movitel ndi ya Vodacom, amayi omwe anawasonkhanitsa mpaka anabwerera kudimba. Kwa ogula a mumzinda wa Tete kapena Moatize ndi yabwino ndithu. Kumudzi ayi.

KoboToolbox ndiyo inatigwirira ntchito, ngakhale inandivuta poyamba. Anaipangira anthu ogwira ntchito kumalo kosowa netiweki. Mafunso mumakonza pakompyuta ya intaneti, kenako aliyense amawatsitsa kamodzi mu KoboCollect, pulogalamu yake ya pa foni ya Android. Akatero amafunsa anthu tsiku lonse popanda netiweki, mayankho amasungika m'foni, n'kudzatumizidwa akafika pomwe ikugwira. Fomu imodzi yomweyo tinailemba m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, wofunsa amangosankha chinenero. Kuno, komwe malipoti amapita kuboma m'Chipwitikizi pamene amayi amayankha m'Chichewa, chimenechi n'chachikulu. Imathanso kudumpha mafunso: mayi akati sanaphikebe phalalo, funso la kakomedwe silituluka n'komwe. Sitinalipire kanthu kupatula mabando.

Msampha wake ndi uwu. Nditasintha funso la mtengo pakati pa ntchito, achinyamata awiri sanatsitse fomu yatsopano, ndipo mayankho awo anabwera ndi mitengo yakale. Mukasintha kanthu, itanani onse, atsitse inu mukuona.

Ena m'komiti ankafuna tilembe katswiri wotipangira pulogalamu yathuyathu, yokhala ndi chizindikiro cha bungwe. Ndinakana mwamphamvu, chifukwa tinapsa kale. Mnyamata wina anatikonzerapo kaundula wa mamembala pa imelo yake, atapeza ntchito kutali anapita ndi pasiwedi, maina onse tinalembanso ndi manja. Sanachite mwadala, kulakwa kunali kwathu. N'chifukwa chake akaunti ya Kobo tinaitsegula pa imelo ya bungwe, pasiwedi ikudziwika ndi a tcheyamani, a msungichuma ndi ine, ndipo mtsikana mmodzi ndikumuphunzitsa kukonza mafomu. Chida chilichonse mwa zitatuzi chingakugwetseni m'dzenje lomwelo ngati akauntiyo ili m'dzina la munthu mmodzi.

WhatsApp sitinaitaye. Timaitanira misonkhano ndi kumverapo madandaulo, pomwe zowerengetsa zonse zimapita ku Kobo. Mayankho anatisonyeza zomwe komiti sinkayembekezera: amayi ambiri amafuna timapaketi tating'ono togula ndi ndalama ya tsikulo, osati ya kilogalamu yomwe tinkaiganizira, ndiponso soya akazingidwe mokwanira. Mwezi uno tikufunsa eni magolosale a ku Tsangano ndi ku Calómuè, ndipo fomu yake akukonza ndi mtsikana uja.