Sukulu ya mkaka ya ku Matawale imene imapatsa mwana mpata woyamba waonerera

Mwa sukulu za mkaka zimene zachuluka mu mzinda wa Zomba, pali ina yaing'ono ku Matawale, kumene mwana wanga wa zaka zitatu amapita, imene ndaona kuti makolo anzanga ayenera kuidziwa. Nyumba yake ndi wamba, zidole ndi zochepa, ndipo phala limene ana amamwa m'mawa ndi la Likuni monga kwina konse. Chimene chimaisiyanitsa ndi zinzake ndi mpata umene alezi amapatsa mwana kuti aonerere ndi kukonzekera m'maganizo asanasunthe thupi.

Pa nthawi ya masewera, mlezi amagoneka thabwa pansi pa mtengo wa mango, iye mwini nkuyenda pamenepo pang'onopang'ono atatambasula manja, ana onse akuyang'ana. Akafika kumapeto saitana mwana nthawi yomweyo, koma amayamba wafunsa kuti, "Iwe uyamba ndi mwendo uti? Nanga manja uwaika pati?" Tsiku lina ndinaona kamtsikana kali pamzere, maso ali pa thabwa, zala zakuphazi zikukanda dothi ndipo mapewa akukwera pang'ono, chonsecho nthawi yake inali isanakwane. Atakaitana, kanadutsa pathabwapo osagwa. Amachita chimodzimodzi ndi mpira wachikulunga, pakuti mlezi amaukweza m'mwamba nkudikira kufikira timanja ta mwana tatseguka, kenako ndi pamene amauponya.

Makolo ena amaona ngati kumeneku nkutaya nthawi, ndipo ndamvapo akudandaula pa geti kuti fizi amalipira kuti ana aphunzire zilembo ndi Chingerezi. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa zimene alezi awa akuchita zili ndi maziko. M'zaka za m'ma 1990, gulu la Giacomo Rizzolatti ku Parma m'dziko la Italy linapeza kuti mu ubongo wa anyani muli maselo amene amagwira ntchito nyaniyo akamatola chinthu, komanso akamangoona wina akutola. Pa ana, Andrew Meltzoff anaonetsa mu 1988 kuti mwana wa miyezi 14 amene waona wamkulu akuyatsa nyali ya m'kabokosi poigunda ndi chipumi, amatha kuchita zomwezo patatha sabata yathunthu, ngakhale kuti tsiku loyambalo sanaloledwe kukhudza kabokosiko. Mu 2014, Patricia Kuhl ndi anzake ku University of Washington anapezanso kuti makanda a miyezi 7 akamamva mawu a anthu, zigawo za ubongo zimene zimakonza kayendedwe ka pakamwa zimadzuka, chikhalirecho makandawo sanayambe kuyankhula. Choncho mwana amene wangoti chete kuyang'anitsitsa mnzake akudumpha sikuti ndi waulesi kapena wamantha ayi, ubongo wake uli pa ntchito yoyeserera.

Komabe pali zina zimene sizinandisangalatse. Alezi nthawi zina amauza ana onse, ngakhale a zaka ziwiri, kuti atsinzine nkudziona m'maganizo akudumpha ngalande. Luso lodziona dala m'maganizo motere limayamba kuoneka bwino mwana akafika zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo ang'onoang'onowo amangotsinzina diso limodzi nkuyamba kugwirana makutu. Iwowa chimene chimawathandiza ndi kuona ndi maso kenako nkuyesa okha, ndipo zikanakhala bwino alezi akanawagawa malinga ndi misinkhu. Chinanso, ana ndi ambiri poyerekeza ndi alezi, moti amene ali kumapeto kwa mzere amadikira mpaka chidwi chimatha. Bwalo nalo ndi lafumbi kwambiri m'mwezi wa Okutobala, ndipo mvula ya kuno ku Zomba ikayamba masewera onse amalowa m'chipinda chopanikizika.

Ngakhale zili choncho, mwana wanga sindimuchotsako. Masiku ano akafika pa ngalande ya m'mbali mwa msewu amayamba waima, nkupinda mawondo ndi kuyesa ndi maso kutalika kwake asanadumphe, pamene kale ankangodziponya. Kholo limene likufuna kudzionera lokha lipemphe kwa aphunzitsi aakulu kuti lifike m'mawa ana asanamwe phala, chifukwa ndi nthawi imene thabwa lija limatulutsidwa.